Handicap imatsika ndi nzeru, osati mphamvu zokha

Ndimakhulupirira kuti ambiri osewera gofu pa Lilongwe Golf Club, kufupi ndi Old Town, amataya mashoti chifukwa cha phuma, osati kuchepa mphamvu. Kuyambira 2020, dongosolo lowerengera handicap la World Handicap System limatenga masewero 8 abwino koposa mwa 20 omaliza. Choncho chofunika n'kupewa mabowo awiri kapena atatu amene amaononga tsiku loyenda bwino. Mpira ukalowa m'mitengo, utulutsireni cham'mbali. Poloza green, lunjikani pakati, musathamangire mbendera.

Ena amati kumenya patali ndiko kumapambanitsa, ndipo kafukufuku wa Mark Broadie, wofufuza za gofu, akuwavomereza ndithu. Koma kuwonjezera mtunda kumafuna miyezi yambiri, pomwe kusankha bwino mungayambe Loweruka lomweli. Poyeserera m'chilimwe, nthaka itauma gwa, phunzirani kugwetsa mpira patsogolo pa green kuti ugudubuzike wokha.