Yang'anani Chiguduli Musanadinde Fodya

Alimi a ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma, nanunso matenanti a m'maesiteti, musamsiyire mnyamata wa pajeke kusankha chokutira fodya wanu. Imani pompo muone nokha.

Belo limafuna chiguduli chouma ndi chosabooka. Thumba la feteleza ayi, ngakhale mutalichapa chotani. Chingwe chapulasitiki chosokera ayinso. Timaulusi take timatsalira m'masamba, ndipo ogula ku okushoni ya Kanengo akatipeza amalikana belo lonse. Pamenepo mudzalipira olikonzanso, ndalama zanu n'kuchedwa.

Belo limodzi likhale la giredi imodzi. Fodya akachepa musadzazire ndi wa giredi ina pofuna kupulumutsa chiguduli. Msungeni pouma mpaka akwane.