Kusamalira chipsera cha mwana bala likapola

M'miyezi ya Juni ndi Julaye, pamene kuno ku Copperbelt kumazizira kwambiri, mbaula imalowa m'nyumba ndipo ana amaiyandikira. Nyengo imeneyi ndi imene ana aang'ono amapsa kawirikawiri ndi makala, phala kapena madzi otentha. Pafamu palinso khasu, chikwanje ndi waya waminga. Ambirife timachita changu tsiku la ngozi, koma bala likangotseka timayesa kuti nkhani yatha. Chikhalirecho chipsera chimapitiriza kusintha kwa chaka chathunthu, mwinanso zaka ziwiri, ndipo chisamaliro cha miyezi imeneyi chikhoza kupulumutsa dzanja la mwana kuti lisapinimbire.

Mmera mpoyamba

Maonekedwe a chipsera amayambira pa zimene tachita tsiku loyamba. Mwana akapsa, tithire madzi ozizira aukhondo pamalopo kwa mphindi 20. Tisapake dzira, mankhwala otsukira mano, mafuta ophikira, phulusa, dothi kapena ndowe, ndipo tisaboole matuza. Tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe, choncho bala lochitikira kumunda kapena kukhola tilitsuke bwino ndi sopo, kenako tipite kukiliniki ndi khadi la mwana la kusikelo, kuti aone ngati analandira katemera wa masabata 6, 10 ndi 14. Mwana wopsa kumaso, m'manja, kumaliseche, pamfundo, kapena pamalo oposa chikhatho chake, aonedwe ndi achipatala tsiku lomwelo. Mabala aakulu amatumizidwa ku Kitwe Teaching Hospital kapena ku Arthur Davison Children's Hospital ku Ndola. Bala lamoto limene latha masabata atatu lisanatseke limasiya chipsera chokhuthala, ndiye tisalidikirire kunyumba.

Chimene chimachitika pansi pa khungu

Thupi limasoka bala ndi ulusi wake wotchedwa collagen. Poyamba ulusiwu umayalidwa mwachangu ndi mosalongosoka, n'chifukwa chake chipsera chatsopano chimakhala chotukuka, cholimba ndi choyabwa, ndipo mtundu wake umasiyana ndi khungu lina. Pang'onopang'ono thupi limaukonzanso ulusiwo, chipsera n'kumafewa ndi kuphwa. Ngakhale chitakhwima, mphamvu zake zimangofika pafupifupi 80 pa 100 za khungu lenileni. Chipsera chakuya sichitulutsa thukuta kapena mafuta, motero chimauma ndi kung'aluka msanga.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku

Nkhanambo tiisiye igwe yokha. Bala likatseka lonse, popanda poyenga madzi, tizitsuka ndi sopo wamba, kupukuta mosakhula, n'kupaka Vaseline kawiri kapena katatu patsiku. Popakapo tizisisita ndi chala mozungulira kwa mphindi zingapo, motsindika pang'ono koma osamupweteka mwana. Zikhadabo zake tizimuwenga, pakuti akamakanda usiku chipsera chimatsegukanso.

Dzuwa limadetsa chipsera chanthete, ndipo kudako kumachedwa kuchoka. Tikamapita ndi mwana kumunda, makamaka dzuwa la Seputembala ndi Okutobala likafika, tizimuveka malaya opepuka ophimba pamalopo kapena chipewa, mpaka chaka chithe. Chakudya nachonso n'chofunika. Zomanga thupi tili nazo pafamu pompano: mazira, nyemba, soya, nsinjiro m'phala ndi kapenta, pamodzi ndi magwafa, malalanje ndi matimati.

Chipsera cha pamfundo

Apa ndi pamene pagona nkhani yaikulu. Chipsera chimakhwinyata ngati chikopa choyanika padzuwa. Chikadutsa pachigongono, kuseri kwa bondo, m'khwapa, m'khosi kapena pakati pa zala, chimakoka mfundoyo. Mwana amapinda chiwalocho chifukwa akatero ululu umachepa, ndipo chipsera chimakhwimira mmenemo. Patapita miyezi ingapo dzanja limakana kutambasuka, moti kugwira cholembera kapena mpini wa khasu kumadzavuta.

Tikapatsidwa tsiku lokaonana ndi a fiziyo, tisajombe ngakhale ntchito zakumunda zitachuluka. Akatipatsa chowongolera choti mwana azivala usiku, avale ndithu, olo alire masiku oyamba. Kunyumba tingasandutse zolimbitsa thupizo kukhala masewera: kuwomba m'manja, kufikira chinthu chili m'mwamba, kuponya mpira. Mfundo imene yapinimbira kale siwongoka ndi kusisita. Imafuna opaleshoni, monga amachitira ku chipatala cha ana cha Beit CURE ku Lusaka. Komanso mafupa a mwana amakula kuposa chipsera, kotero tizionabe mfundoyo zaka zotsatira.

Chipsera chokula mopitirira

Zipsera zina zimakula mpaka kudutsa malire a bala, n'kukhala chotupa cholimba chonyezimira chimene achipatala amachitcha keloid. Zimenezi zimachitika kwambiri mwa ife akhungu lakuda, ndipo zimayenda m'magazi a pamtundu. Si ufiti ndipo sizipatsirana. Tisatemerepo mphini kapena kuyesa kudula, chifukwa bala latsopano limachikulitsa. Kuchipatala kuli jakisoni wochifewetsa, ndipo ena amalangizidwa kumata silicone.

Tibwerere kuchipatala msanga tikaona mafinya, fungo, kutupa kofalikira, thupi kutentha, bala kutsegukanso, kapena nsagwada kuuma.

Tisaiwalenso mtima wa mwanayo. Tisalole anzake kapena akuluakulu kumupatsa dzina lachipongwe chifukwa cha chipsera. Akafunsa, timuuze mosabisa kuti pamenepo panali bala ndipo thupi lake linalisoka. Pakali pano, mbaula tiyiike pakona pamene mwana wokwawa safika ndi pamene pakulowa mphepo, m'phika wa phala ukhale kutali ndi mphasa, ndipo zikwanje tizizikoloweka m'mwamba tikaweruka.