Kugula Nyumba Yakale, ndi Tanthauzo la Kwathu



Usiku uno tikambe za munthu wogula nyumba imene ena anakhalamo kale. M'chaka cha 1996 boma la Zambia linalamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa anthu okhalamo, ndipo patapita kanthawi nyumba zambiri za ku migodi ya kopa zinagulitsidwanso kwa antchito. Anthu amene anazolowera kulipira lendi anadzuka ali eni nyumba. Komatu anadzukanso ali eni ming'alu ndi eni denga lodontha, pakuti panalibenso ofesi yokadandaulako.

Tsono wogula ayambire pati? Ambiri athamangira utoto, chifukwa utoto ndiwo anansi auona. Ine nditi utoto ukhale wotsiriza. Choyamba ndi kalata ya malo: onani kuti dzina lolembedwamo ndi la wogulitsayo, ndipo ngati mwini anamwalira, dziwani kuti mkazi wake ndi ana ake onse avomera. Munthu angathe kumanga bwino pamalo pamene tsiku lina adzachotsedwapo.

Chachiwiri ndi madzi, mdani wamkulu wa nyumba. Taganizani za nyumba ya Mandala ku Blantyre. Inamangidwa m'chaka cha 1882 ndi njerwa zosawotcha ndi dothi, koma ili chiimire kufikira lero. Khonde lake lalikulu litchinga mvula kuti isamenye makoma. Chotero konzani denga poyamba, nimukumbe ngalande kuti madzi asaime pa maziko. Mukaona mng'alu pakhoma musafulumire kuumata; lembani chizindikiro ndi tsiku kumapeto kwake, nimudikire dzinja lipite. Ukakula, vuto lili pansi, ndipo simenti yapamwamba ingokubisirani. Khoma lomangidwa ndi dothi lifuna njereza, imene ilola chinyezi kutuluka. Simenti yolimba ichitsekera m'kati, njerwa nkumafumbutuka mwini osadziwa.

Gogodaninso mitanda ndi mafelemu a zitseko. Thabwa likalira ngati ng'oma, chiswe chadya kale m'kati. Ndipo inu okhala m'nyumba zofoleredwa ndi asibesito, monga zambiri za ku Harare, ku Bulawayo ndi ku Kitwe, musamacheke kapena kuswa denga limenelo. Fumbi lake liwononga mapapo, ndipo nthenda yake ionekera patapita zaka makumi awiri kapena kuposa.

Koma mukatha zonsezi, kodi nyumbayo yasanduka kwanu? Apa chinenero chathu chili ndi kanthu kake. Munthu ati nyumba yanga, munda wanga, njinga yanga. Koma ponena kumene achokera ati kwathu, ngakhale ali yekhayekha. Mawuwo atenga ndi anthu ena, amoyo ndi akumanda omwe. Makolo athu amene anapita ku migodi ndi ku mafamu a ku Rhodesia sanatche nyumba za m'komboni kuti kwathu, pakuti ntchito ikatha ndi nyumba yomwe inkatha. Amene anakhalitsa osabwerera ankatchedwa matchona, dzina lowawa ndithu.

Zinthu zinasintha pamene nyumba zija zinakhala ndi eni. Mwana wobadwiramo, amene anaona atate ake akusintha malata ndi amayi ake akubzala mango kuseri, akati kwathu anena nyumba yomweyo. Kumudzi kwa agogo akudziwako dzina lokha. Mkangano ubuka tsiku la maliro: amalume afuna mtembo upite kumudzi, ana afuna manda apafupi oti azikasesa. Inu amene mwagula nyumba m'tauni, kambiranani nkhani imeneyi ndi abale anu mukali ndi moyo, ndipo mulembetse bwino lomwe dzina la amene adzatsala nayo nyumbayo.