Ivo Bligh ndi kambiya ka phulusa

Mukamva kuti maiko awiri akhala akulimbirana phulusa kwa zaka zoposa 140, mungati ndi nthano za agogo. Koma n'zoona. Phulusalo lili m'kambiya kadothi kotalika pafupifupi masentimita 11, ndipo kanabwera ku England ndi munthu wina dzina lake Ivo Bligh.

Muyambe mwadziwa masewera ake. Kiriketi imaseweredwa ndi matimu awiri, anthu 11 mbali iliyonse. Wina amaponya mpira wolimba kuti agwetse timitengo titatu tozikidwa pansi, wina amautchinga ndi thabwa n'kuumenya kutali. Pamwamba pa timitengoto amagonekapo tina tiwiri tating'ono. Tikumbukireni timeneti, tibweranso.

Ivo anabadwa mu 1859 ku London. Bambo ake anali ndi udindo wa Earl of Darnley, umene ndi ulemu wobadwa nawo, ndipo banja lawo linali ndi nyumba yaikulu ya Cobham Hall ku Kent, komanso malo ambiri ku Kent ndi ku Ireland, kumene alimi ankalipira lendi. Anaphunzira ku Eton ndi ku Cambridge, n'kusewerera timu ya Kent.

Nthawi imeneyo osewera anali a mitundu iwiri. Ana a olemera ankasewera osalandira malipiro, ndipo ankawati "Gentlemen". Amene ankadyera masewerawo ankawati "Players". Timu imodzi, koma zipinda zovalira zosiyana, ndipo m'mabwalo ena ngakhale geti lolowera linali losiyana. Nthawi zambiri ukaputeni unali wa osalipidwa, kaya amaposedwa luso ndi anzawo. Ivo mwiniyo, m'masewera anayi amene anatsogolera England, anangopeza marani 62 basi. Tsankholi linathetsedwa mu 1962.

Mu Ogasiti 1882 Australia inagonjetsa England pa bwalo la The Oval ku London ndi marani 7 okha. Manyazi anali aakulu. Nyuzipepala ya Sporting Times inalemba cilengezo ca maliro conyoza, kuti kiriketi ya England yamwalira, mtembo uotchedwa ndipo phulusa lipita ku Australia. Ivo, mnyamata wa zaka 23, anatsogolera timu yopita kumeneko, nalonjeza kuti phulusalo akabwera nalo.

Ulendo wa pasitima sunayende bwino. Pafupi ndi Colombo sitima yawo inagundana ndi ina, ndipo Fred Morley, woponya mpira wolipidwa wa ku Nottinghamshire, anavulala nthiti. Anasewerabe akumva ululu, koma thanzi lake silinabwerere, anamwalira mu 1884. Nkhani ya phulusa ikamakambidwa, dzina lake silimveka kawirikawiri.

Pa masewera atatu amene anagwirizana, England inapambana awiri. Ku Rupertswood, nyumba ya Sir William Clarke pafupi ndi Melbourne, azimayi a pamenepo anapatsa Ivo kambiya ka phulusa mwanthabwala. Anthu amati anaotcha kamodzi mwa timitengo tating'ono tija. Mmodzi wa azimayiwo anali Florence Morphy, mphunzitsi wa nyimbo wa ana a pabanjapo. Ivo anamukonda. Tangoganizani, mwana wa Earl kufunsira mtsikana wolembedwa nchito, wa dziko lakutali! Anabwerera ku England kukakambirana ndi makolo, kenako anapitanso ku Australia, ndipo ukwati unamangidwa mu February 1884.

Kusewera kwake kunathera pomwepo, cifukwa thanzi linamuvuta kuyambira 1883. Udindo wa banja sunali wake, popeza anali mwana waciwiri. Koma mkulu wake anamwalira mu 1900 osasiya mwana wamwamuna, ndipo mwambo wawo umati udindowo ulowedwe ndi mwamuna. Conco Ivo anakhala Earl wa nambala 8, mphunzitsi wa nyimbo uja n'kukhala Countess wa Cobham Hall. Caka comweco Ivo anali pulezidenti wa MCC, kalabu yosunga malamulo a kiriketi.

Musaganize kuti kuyambira apo zinali zofewa. Nyumba yaikulu imadya ndalama, ndipo nthawi imeneyo phindu la minda ku England linali litatsika, misonkho ya cuma ca masiye ikukwera. Banjali linagulitsa zithunzi zojambula zamtengo wapatali zimene makolo awo anasonkhanitsa. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, Florence anatsegula nyumbayo kuti asilikali a ku Australia ovulala azicirirako.

Ivo anamwalira pa 10 Epulo 1927. Kambiya kaja ankakaona ngati mphatso yake, osati cikho, ndipo kanakhala pakhomo pake moyo wake wonse. Atamwalira, Florence anakapereka ku MCC. Lero kali m'nyumba yosungira zakale pa bwalo la Lord's ku London, ndipo kamakhala komweko ngakhale Australia itapambana. Cobham Hall inasanduka sukulu mu 1962.