Nkhodolero ya ku Ng'ombe

Ntchito yanga ndimagwirira kunyumba ku Chelstone, chapafupi ndi msewu wa Great East. Anzanga akalemba khodi, imayamba yadzera kwa ine kuti ndiiwerenge mzere ndi mzere isanalowe m'pulogalamu yaikulu. Tsiku lina mnyamata amene wangoyamba kumene ntchito anatumiza kapulogalamu ka Python kogawa katundu wa makasitomala potengera madera. Mayina ena anawatsekera m'mitengero iwiriiwiri, "Kabwata", ena m'kamtengero kamodzikamodzi, 'Woodlands'. Ndinamubwezera.

Posakhalitsa foni inalira. "Ba mudala, nanga si zonse zikugwira?"

Sananame. Kwa Python njira ziwirizi n'chimodzimodzi. PEP 8, malangizo a kalembedwe ka Python amene anatuluka mu 2001, sakondera mbali. Amangofuna kuti usankhe njira imodzi n'kuitsatira. Koma ndinamuuza kuti awonjezere Ng'ombe pa mndandandawo monga analembera Woodlands. Kompyuta inakana. Nkhodolero ya pakati pa g ndi o imalembedwa ndi batani lomwelo la kamtengero, choncho makina anaganiza kuti dzina lathera pa Ng, ndipo ombe anatsala padera wopanda mwini.

Apa mpamene sindigonja. Chilankhulo chathu n'chodzaza nkhodolero: m'mudzi, pang'ono, mng'ono, ngakhale mayina a mabanja ngati Ng'andu ndi Ng'oma. Amene akulembera anthu a ku Lusaka azikumana nazo tsiku lililonse, ndiye mitengero iwiri ndiyo imatiyenera. Black, chida chimene Łukasz Langa anatulutsa mu 2018, chimasintha chokha mitengero kukhala iwiriiwiri, ndipo mikangano ya mtunduwu imatha.

Koma ku Bash, chilankhulo china cha kompyuta, nkhani ndi ina, ndipo kumeneko ndimawerenga mofatsa kwambiri. Ukalemba "$dera", kompyuta imaika dzina la dera lenilenilo. Ukalemba '$dera', imasindikiza zilembozo mmene zilili, kasitomala n'kulandira uthenga woti katundu wake akupita ku $dera. Ukasiyiratu mitengero, dzina ngati Great East Road limagawika kukhala mawu atatu osiyana. Munthu wofuna kungofananiza zonse kuti zioneke bwino angawononge pulogalamu imene inkagwira. ShellCheck, chida chofufuza zolakwika za Bash, chimathandiza kugwira zina, koma sichidziwa chimene wolembayo ankafuna.

Madzulo mnyamata uja anatumizanso khodi yake. Pa mayina oyesera, anayambira Ng'ombe.