BOMA LIFUNA MITENGO IBWERERE: ALIMI A KU NKAYA, MUSAZULE ZITSA

Wolemba: Mlangizi wa za Ulimi

Inu alimi a ku Nkaya, ku Utale ndi midzi yonse ya m'mbali mwa Rivirivi, imvani nkhani iyi, ndipo odziwa kuwerenga awerengereko anzao pabwalo.

M'caka ca 2016 Boma la Malawi linalonjeza pamodzi ndi maiko ena a mu Africa kuti pofika 2030 lidzakhala litakonzanso malo oguga okwana mahekitala 4,500,000, ndiwo maekala oposa 11,000,000. Caka comweco linakhazikitsa mfundo za kusintha kwa nyengo, ndipo mu 2017 linaturutsa cikonzero cobwezeretsa nkhalango ndi conde. Kapena wina afunsa kuti, "Nanga ife olima cimanga, thonje ndi nandolo zitikhudza bwanji?" Zikukhudzani ndithu, pakuti mbali yaikuru ya malo ogugawo si nkhalango za Boma iai, koma minda yanu yomweyo.

Dziko lathu la Balaka ndi lotentha ndipo mvula yace ndi yocepa. Kale mitengo ya tsanya inali yambiri, koma nkhwangwa ndi ng'anjo za makala zaitha m'malo ambiri. Tsono mvula ikagwa pa nthaka yambee, madzi salowa pansi. Athamanga ndi dothi lacondelo kunka ku Rivirivi ndi ku Shire. Dothi limenelo likakwirira madamu a magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani, pamene munda wanu utsala mcenga ndi miyala.

Zotsatira zace taziona. Mu January 2003 Rivirivi anakokolola mlatho wa njanji, sitima nizileka kupita ku Lilongwe nthawi yaitali. Mu 2015 madzi anasefukira, mu 2016 kunagwa cilala, mu March 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu oposa cikwi, ndipo mu 2024 dzuwa linaocha cimanga m'maboma 23 mwa maboma 28. Anthu ophunzira za nyengo apeza kuti dziko lonse lapansi lilikutentha cifukwa ca utsi wa mafakitale ndi magalimoto, makamaka a maiko olemera. Mlimi sangathe kuletsa namondwe kapena cilala, koma munda wa mitengo ndi mizere yabwino upirira koposa munda wambee.

Pa caka ndi caka Boma litsegula nyengo yobzala mitengo kuyambira pa 15 December kufikira pa 15 April. Imeneyi ndi nchito yabwino, koma kuno mbande zambiri za ku nazale zimafa ndi dzuwa la mu October, ciswe ndi mbuzi. Cifukwa cace alangizi alikuphunzitsa njira yina yosalira ndalama, ndiyo kusamalira zitsa zophukira. Citsa ca mtengo wodulidwa kale cili ndi mizu yace yofika pansi pamene pali cinyezi, kotero mphukira zace zikula msanga koposa mbande yobzala.

Kacitidwe kace ndi aka. Posadza munda, musazule kapena kusonkhera moto pa citsa ciliconse cimene cikuphuka. Sankhanipo mphukira ziwiri kapena zitatu zoongoka ndi zamphamvu, zotsalazo dulani. Gwiritsani cikwanje cakuthwa, ndipo podula muziyambira kunsi kukweza m'mwamba kuti khungwa lisang'ambike. Pa mphukira zimene mwasiyazo sadzani nthambi za m'munsi kufikira pakati pa msinkhu wace, za kumwamba zilekeni. Mangirirani kansanza pa mphukirayo kuti ana ndi ofuna nkhuni adziwe kuti mtengowo uli ndi mwini wace. Papite miyezi ingapo mubwerenso kudzasadza. Nthambi zodulazo ndizo nkhuni za amai, ndipo masamba ndi cakudya ca mbuzi kapena manyowa.

Kambeu ka nsangu komera kokha m'munda musakadule ndi khasu. Mtengo uwu ndi bwenzi la mlimi: uyoyola masamba ace m'dzinja, kotero sucita mthunzi pa cimanga, masambawo naonjezera conde. M'cilimwe zipatso zace zinenepetsa ng'ombe ndi mbuzi. Bwemba, masau ndi mlambe nazonso zisiyeni, pakuti caka ca njala zipatso zace zisanduka ndalama.

Mitengo yokha sikwanira. Itanani mlangizi akuyezereni akalozera opingasa citunda, mubzalepo udzu wa vetiva, ndipo mizere yanu itsate akalozerawo motalikirana masentimita 75, ndiwo mapazi awiri ndi theka. M'makwalala ungani ngonyeka kuti madzi aime ndi kulowa pansi. Khwawa likangoyamba, litsekeni msanga ndi miyala ndi zikhomo, pakuti madzi saiwala khwawa.

Akuru akumbukira malimidwe a nthawi ya Atsamunda. Lamulo la 1946 litakhazikitsidwa, anthu analipitsidwa, ena naikidwa m'ndende cifukwa cosaunga mizere, ndipo nchito yabwino inadedwa kaamba ka cikakamizo. Lero palibe mesenjala wodzakugwirani cifukwa ca mizere. Koma pa makala lamulo lilipo: Lamulo la Nkhalango la 1997 liletsa kuocha makala popanda ciphaso, ndipo mu 2020 Nyumba ya Malamulo inakulitsa zilango zace. Tidziwa kuti ambiri aocha makala cifukwa ca njala, osati mwano. Koma ndalama ya thumba la makala ithera pa msika tsiku limodzi, pamene tsanya wodulidwayo atenga zaka zambiri kuti akule.

Lamulo lomwelo lipatsa anyakwawa mphamvu yopatula nkhalango ya mudzi, ndipo anthu a m'mudzi asankha komiti yoiyang'anira. Inu mafumu, itanani anthu anu mupangane za mbuzi zongoyendayenda m'cilimwe ndi za anyamata oocha chire posaka mbewa, pakuti moto wa tsiku limodzi utha mphukira za zaka ziwiri. Lambulani njira zocinga moto udzu usanaume.

Mvula isanagwe caka cino, yendani m'munda mwanu muwerenge zitsa zamoyo, ndipo mukauze mlangizi wa dera lanu kuti adzakuonetseni kasadzidwe kace. M'mera mpoyamba.