Sienta yakwezedwa, nanga mabuleki?

Mukaima pamasiteji a galimoto zopita ku Jali, Kachulu, Mayaka kapena Chingale mumzinda wa Zomba, yang'anitsitsani maSienta amene andanda pamenepo. Ena mwa iwo, akakhala opanda anthu, kumbuyo kwawo kumakhala kotukuka ngati nkhuku imene ikujompha chimanga. Sadachokere choncho ku Japan. Eni ake adapita nawo kugalaja kukawakweza ndi kuwaika matayala aakulu kuti aziyenda m'misewu yafumbi osakhula pansi.

Galimotoyi kampani ya Toyota idayamba kuipanga m'chaka cha 2003. Ili ndi injini ya malita 1.5 ndi mipando isanu ndi iwiri, ndipo iwiri yakumbuyo kwenikweni ndi ing'onoing'ono, yoyenera ana. Adaipangira banja la m'tauni lopita kusitolo ndi kusukulu pamsewu waphula wosalala. N'chifukwa chake mpata wa pakati pa mimba yake ndi nthaka sufika bwinobwino masentimita 15. Tengani rula ya mwana wanu ya masentimita 30, muone theka lake: mpata wake ndi umenewo. Hilux, imene adaipangira kutchire, imapitirira masentimita 20. Chimodzimodzinso Honda Freed, Noah ndi Voxy, zonsezi n'zam'tauni.

Ine sindikuwadzudzula amene amakweza galimotozi. Ndimaphunzitsa sayansi pasukulu ya sekondale yoyendera kumudzi, ndipo ndikafuna kupita kubanki kapena kuofesi za maphunziro m'tauni, ndimakwera zomwezo. Mayi wodwala amene atumizidwa ku Zomba Central Hospital, wogulitsa nsomba za ku Chilwa, mlimi wa mpunga ndi mwana wobwerera kusukulu yogonera, onsewa Sienta ndiyo basi yawo. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 adasiya misewu yambiri ya m'chigawo cha kummwera ili zigwembezigwembe. Msewu wa Lirangwe-Chingale-Machinga takhala tikumva malonjezo ake kwa zaka zambiri. Pamisewu yotere galimoto yotsika imaboola sampu, imathyola ekizozi, mwini wake n'kuyamba kukana kupita kumidzi. Otsala m'manja mwa kabaza ndife.

Amakaniko amaikweza m'njira zitatu. Ena amalowetsa masipesa, timphira tolimba kapena tizitsulo, pamwamba pa masipuling'i. Ena amachotsa masipuling'i akumbuyo n'kuikapo a galimoto yolemera kuposa Sienta. Njira yachitatu ndi ya matayala, ndipo apa pali masamu amene mwana wa Fomu 2 angathe kuwerengera. Sienta yakale ija imabwera ndi tayala lolembedwa 175/70R14, limene kutalika kwake konse ndi pafupifupi masentimita 60. Mukaika 185/70R14, galimoto imakwera ndi mamilimita 7 okha, osakwana n'chala chomwe. Mukaika 185R14C, matayala a galimoto zonyamula katundu aja, kutalika kumafika pafupifupi masentimita 65 ndipo galimoto imakwera ndi masentimita awiri ndi theka. Koma tayala lotere limakhula bodi pokhota, limalemetsa injini pamtunda, ndiponso limanamiza muvi wa liwiro: ukamaloza 80, inu mumakhala mukuthamanga pafupifupi 87.

Kusiyana kwa njirazi anthu ambiri sakudziwa. Sipesa ndi sipuling'i zimatukula bodi ndi injini, koma zitsulo zimene zagwira matayala zimatsala pafupi ndi nthaka monga kale. Tayala lokha ndilo limatukula chilichonse. Pa zonse zimene zimachitika kugalaja, chimene ndimachiona chaphindu koposa ndi chimbale chachitsulo chimene owotcherera amamanga kunsi kwa injini kuti mwala usaboole sampu. Chikamangidwa ndi mabauti, chokhala ndi bowo lotulutsira oilo komanso mpata woti mphepo izidutsa, sichisokoneza kayendedwe ka galimoto, ndipo chimapulumutsa injini yonse.

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Galimoto ikakwezedwa kutsogolo, zitsulo zimene zimapititsa mphamvu kumatayala zimagwira ntchito zitapendekeka kuposa mmene adazipangira. Timphira ta pa CV joint timang'ambika msanga, girisi amatuluka, fumbi n'kulowa, kenaka mumayamba kumva khokhokho pokhota. Ma shock absorber amakhala otambasuka pafupi ndi mapeto awo, choncho tayala likagwera m'dzenje amagunda. Wina akakweza osapita kukawongoletsa matayala, amatha mbali imodzi miyezi yochepa. Ndipo chinthu chachitali chimagwa msanga kuposa chachifupi. Ikani matumba padenga la Sienta yokwezedwa, pakona muona mmene imapendamira.

Zonsezi n'zotheka kuzipirira, mwini galimoto amangolipira kugalaja. Vuto limene limandidetsa nkhawa lili pena. Sienta ya masipuling'i ake enieni imadziulula yokha ikalemedwa: kumbuyo kumakhala pansi, matayala amabisala m'bodi, wapolisi amaionera patali, ngakhale wokwera amene amadziwa kuti apa zanyanya. Sipuling'i yolimba imabisa zimenezi. Galimoto imaoneka yowongoka bwino itanyamula anthu 11, awiri pampando wakutsogolo, wina atapanikizana ndi dalaivala, matumba a chimanga ali m'buti chitseko chomangidwa ndi chingwe. Ambiri amene amati akweza galimoto chifukwa cha msewu, zoona zake akweza kuti anyamule zambiri. Koma mabuleki ndi omwe aja a banja la ku Japan, madisiki aang'ono kutsogolo ndi madiramu kumbuyo. Palibe amene amawakuza.

Malo abwino oonera zimenezi ndi phiri lathu lomweli. Msewu waphula wochoka m'tauni kukafika ku Ku Chawe ndi wa makilomita pafupifupi 10, wokhotakhota, ndipo umakwera kuposa mamita 500. Kupitirira hotela ndi damu la Mulunguzi, limene limamwetsa mzinda wa Zomba, phula limatha. Kumeneko kuli misewu ya m'nkhalango ya paini yopita ku Williams Falls, kudamu la Chagwa, ku Chingwe's Hole, ku Queen's View kumene kudafika mayi wa Mfumukazi ya ku Britain mu 1957, ndi ku Emperor's View kumene kudafika Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965. Malole onyamula matabwa amasiya mikwasa yakuya, pakati pake pali msana wadothi ndi miyala umene umakhula mimba ya galimoto yotsika. Mvula ikagwa dothi lofiira lija limaterera ngati therere. Apa Sienta yokwezedwa imaonetsadi phindu lake, imadutsa pamene inzake yaima.

Kukwera phiri kumayesa injini, ndipo injini ikalephera galimoto imangoima, anthu n'kutsika kukankha. Kutsika ndiko kumayesa mabuleki, ndipo kulephera kwake sikupatsa munthu mpata wotsika. Tiyerekeze motere. Sienta yopanda kanthu imalemera pafupifupi makilogalamu 1,200. Ikanyamula anthu 11 ndi matumba anayi a makilogalamu 50, ifika cha m'ma 2,100. Galimoto yolemera chonchi ikatsika mamita 500, mphamvu imene iyenera kutayidwa kuti isathamange mopitirira ndi yokwanira kuwiritsa madzi ozizira malita oposa 30, ndowa imodzi ndi theka. Ina mwa mphamvuyi imatengedwa ndi mphepo ndi injini. Koma dalaivala akamangodalira phazi, gawo lalikulu limasanduka kutentha m'tizitsulo tinayi tobisika kuseri kwa matayala.

Zitsulozo zikatentha kwambiri, mapadi amasiya kugwira bwino ndipo mumamva fungo lopsa. Choopsa kuposa apo ndi mafuta a mabuleki. Amtundu wa DOT 3 akakhala atsopano amawira pa madigiri 205, koma mafutawa amayamwa chinyezi pang'onopang'ono, ndipo akakalamba amatha kuwira pa madigiri 140. Akawira amapanga nthunzi m'mapaipi, ndipo nthunzi imafinyika. Dalaivala amaponda, phazi n'kufika pansi popanda chogwira. N'chifukwa chake opanga galimoto amalangiza kusintha mafutawa pakapita zaka ziwiri kapena zitatu. Funsani eni maSienta amene mumawadziwa kuti adasinthako liti chigulireni galimoto. Ambiri amangowonjezera akaona kuti atsika, chonsecho botolo lake mtengo wake sufika n'komwe pa wa tayala limodzi.

Pali chizolowezi china chimene chakula m'zaka zino za kusowa ndi kukwera mtengo kwa mafuta: kuika giya pa N potsetsereka, ena mpaka kuzimitsa injini. Kuika pa N kumachotsa thandizo lonse la injini, katundu yense n'kutsalira mabuleki. Kuzimitsa injini n'koipa koposa, chifukwa chimene chimafewetsa buleki chimadalira injini yolira. Mukaponda kawiri kapena katatu buleki imauma gwa, chiwongolero nacho n'kulemera. Chodabwitsa n'chakuti mafuta amene akuti akusungawo sasungika. Injini za masiku ano, galimoto ikamatsika ili m'giya phazi litachoka pa akiseleleta, zimadula zokha petulo wopita m'injini, pamene pa N injini imayenera kumwa kuti isazime. Pachogwirira giya pali chilembo B kapena L, malinga ndi mtundu wa galimoto. Adachiika pamenepo chifukwa cha mitsetse ngati wa Ku Chawe. Injini imalira mokweza, koma kulira kumeneko ndi ntchito imene ikulanda mabuleki.

Matayala nawo ali ndi malire olembedwa pambali pake. Pa tayala la Sienta mupeza nambala 84 pambuyo pa saizi, kutanthauza kuti limodzi lisanyamule kuposa makilogalamu 500. Anayi ndi 2,000, ndipo katundu wa matola sagawika mofanana, amaunjikana kumbuyo. Apa ndivomereze kuti amene amaika matayala okhala ndi chilembo C amachita bwino mbali imeneyi, chifukwa ndi olimba m'mbali ndipo sabooka wambawamba pamiyala. Koma ambiri amagula akaunjika. Pambali pa tayala lililonse pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene lidapangidwa: 2315 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2015. Tayala lokalamba limatha kuoneka la mano abwino koma mphira wake utauma.

Ena amanyadira kuti yawo ndi 4WD. Alipodi maSienta otero, amene adapangidwira madera a chipale chofewa monga Hokkaido, koma ambiri amene ali m'misewu yathu amakoka ndi matayala akutsogolo okha. Mukawalemetsa kumbuyo n'kuyamba mtunda wamatope, kutsogolo kumapepuka, matayala n'kumangozungulira pamodzimodzi. Dalaivala akamaumirira, giyabokosi ya CVT, imene imayendera lamba wachitsulo, imatentha, ndipo kuikonza n'kodula. Ngakhale ya 4WD ilibe giya yotsika yokwerera malo ovuta. Galimoto ya mipando yambiri imene adaipangiradi kutchire ndi monga Mitsubishi Delica ya m'ma 1990, imene kunsi kwake idatengera Pajero. Sipesa singasandutse Sienta kukhala Delica. Singakwezenso kwenikweni polowera mpweya wa injini, choncho kuwoloka Likangala kapena Domasi pamalo opanda mlatho madzi atakwera n'kuika injini ndi miyoyo pachiswe.

A nthambi yoona za pamsewu ya DRTSS, amene amapereka COF, ndi apolisi apamsewu angathandize poyang'ana zinthu zimene diso silionanso. Popeza kukhala pansi kwa galimoto sikukuululanso kulemedwa, chotsala n'kuwerenga mitu ndi kuyerekeza ndi mipando yolembedwa m'mapepala a galimotoyo. Mwini galimoto naye achita bwino kuuza a inshuwalansi kuti wasintha masipuling'i ndi matayala, kusiyana n'kudzakangana nawo ngozi itachitika kale.

Aphunzitsi anzanga, nkhaniyi ikutikhudza mwachindunji. Teremu iliyonse makalabu a zachilengedwe ndi a jogalafe amakwera phiri la Zomba kukaona damu ndi mathithi, ndipo popeza ndalama zimene ana asonkha zimakhala zochepa, timakopeka kubwereka galimoto imodzi m'malo mwa ziwiri. Dalaivala amatilimbitsa mtima kuti, "Aphunzitsi musadandaule, iyi ndi yokweza, imanyamula." Kunyamula imanyamuladi. Ine ndikamapangana ndi dalaivala wa ulendo wotere ndimawerenga mipando, osati kutalika kwa galimoto, ndipo ndimapempha kuti titsegule boneti tione mafuta a mabuleki: atsopano amakhala oyera motuwira ngati mafuta ophikira, okalamba amada ngati tiyi wopanda mkaka. Pobwerera timagwirizana kuti giya ikhale pa B kuyambira pa Ku Chawe, ndipo pakati panjira, pamalo otakasuka, tiime mphindi khumi kuti zitsulo zizizire, ana akudya masitiroberi amene agula pamwamba paja.